Pitani mukasinje mtedza ndi amayi anu

Ikamayandikira 15 October, misika ya zitenje imadzaza. Ana aakazi amene tili m'tauni timasankha chitenje, kuikapo shuga ndi sopo, n'kupatsira wina wopita kumudzi, kapena kungotumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, basi Tsiku la Anakubala latha. Sindikunyoza ayi. Inenso ndachita zimenezi zaka zambiri, moti amayi anga ali ndi sutikesi yodzaza zitenje zimene sanazimangepo m'chiuno, zina zikadali ndi kapepala ka kusitolo. Koma tsiku lina mwana wanga wamkazi anandifunsa dzina la amayi awo a agogo ake, ine kukamwa yasa. Ndinazindikira kuti amayi anga ndimawadziwa ngati munthu wonditumizira ufa, osati ngati munthu amene anakhalapo mtsikana.

Malangizo awa ndi a mwana wamkazi amene amayi ake akadali moyo kumudzi, kaya ndi ku Mkanda, ku Kapiri, pa Kamwendo, ku Waliranji kapena pa boma penipeni pa Mchinji. Ndalama zambiri sizikufunika. Mupeze masiku atatu, ndowa imodzi ya mtedza wosasenda, kope la hadikava, ndi foni yotha kujambula mawu.

Yambani ndi kusankha nyengo

Musapite nthawi ya dzinja. Kuyambira December mpaka March amayi amalawirira kumunda tambala woyamba, kupalira, kubandira, kuthyola fodya, ndipo pobwera amakhala atatheratu. Nkhokwe nayo imakhala itapepuka, moti kufika kwanu ndi ana kumangowapatsa nkhawa ya ufa. Musawerengerenso ulendo wa maliro, wa ukwati kapena wa chiliza kuti mwacheza nawo. Pa zochitika zotere amayi si anu nokha, ndi a mudzi wonse.

Nyengo yabwino ndi June mpaka August. Mtedza umakhala utakumbidwa ndi kuuma, chimanga chili m'nkhokwe, madzulo kumazizira ndipo anthu amasonkhana pamoto msanga. Ana asukulu nawo amatsekera cha kumapeto kwa July. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, choncho mukanyamuka Lachisanu m'mamawa, nsima yamasana mukadyera kwanu. Adziwitseni amayi kudakali sabata ziwiri, ndipo muwauze chimene mukudzera: "Amayi, mundisungireko ndowa ya mtedza wosasenda, ndikufuna mudzandiphunzitse chiponde." Adzaseka. Mwina adzati, "Iwe, mwana wa ku Mchinji osadziwa chiponde, unakulira kuti?" Asiyeni aseke. Mayi akadziwa kuti pali chimene mwana akuchifuna kwa iye, amayamba kukonzekera tsiku lomwelo.

Mukafika, kukhala mlendo kuthe tsiku loyamba

Vuto la ife a m'tauni n'lakuti kwathu komwe amatilandira ngati alendo. Atipatsa mpando, atiphera nkhuku, atiikira nsima m'nyumba tokha, amayi ali kukhitchini ndi utsi. Ulemu umenewo ulandireni tsiku loyamba lokha. Gwadani, perekani malonje, tulani kamene mwanyamula, kalonjereni amalume ndi azakhali kuti asadzakudandauleni. Koma m'mawa mwake dzukani nthawi imene amayi adzuka, mangani chitenje, gwirani tsache. Akakuletsani kuti "siya, watopa ndi ulendo," pitirizani kusesa mwaulemu. Amene muli ndi zikhadabo za ku saluni mukachotseretu, mtedza sudziwana nazo.

Ngati muli pabanja, bambo a kunyumba atsale, kapena akacheze ndi alamu awo kutali ndi khitchini. Mukudziwa nokha mmene apongozi amamangikira mkamwini akakhala pakhomo. Sangaimbe, sangaseke momasuka, sangakhale motambalala pamphasa.

Tsiku lachiwiri ndi la mtedza

Yalani mphasa pamthunzi, khuthulani mtedza, yambani kusenda ndi manja. Makina oswera mtedza alipo m'midzi yambiri masiku ano, koma ulendo uno musawafune. Ndowa imodzi, anthu awiri, imatenga maola angapo, ndipo maola amenewo ndi amene mwadzera. Mayi wa kwathu sakhala nawe maso ndi maso kuti akuuze zakukhosi. Amayankhula akusenda, akupeta, akusonkhezera moto, maso ali pansi.

Musawaze madzi pa makoko kuti afewe, ngakhale zala zikuwawa. Chinyezi ndicho chimaitana chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ngakhale mukazinge mtedzawo. Mukatha kusenda, sankhani. Wowola, wakuda, wofumbwa ndi wa nkhungu utayidwe, mphwephwa zikhale pambali. Apa funsani kuti mtedzawo ndi wa mtundu wanji. Amayi anga amalima CG7, wofiira uja, chifukwa umabereka, koma kamzere ka Chalimbana, wa njere zikuluzikulu, sakasiya. Amati wofiirawo uli ndi mafuta ambiri, ngwabwino ku chiponde, pamene nsinjiro zokoma ndi za Chalimbana. Amayi anu akhoza kutsutsa zimenezi. Lembani zimene anena iwowo.

Mtedza wosankhawo ugaweni pawiri. Gawo loyamba ndi la nsinjiro, ndipo silikazingidwa. Liyanikeni pang'ono padzuwa kuti liume gwa, kenako sinjani mopepuza. Apa ndi pamene ife ozolowera kugula nsinjiro za m'jumbo timalakwitsa: timatsitsa musi ndi mphamvu ngati tikukonola chimanga, mtedza n'kutuluka mafuta, n'kumatana. Sinjani pang'ono, sefani, zotsalira pa sefa zibwerere mumtondo, sinjaninso. Yang'anitsitsani dzanja la amayi pamene akusefa.

Gawo lachiwiri ndi la chiponde. Kazingani pa phale kapena pa chiwaya, moto ukhale wa makala kapena nkhuni zochepa, ndipo musasiye kutakasa. Mudziwa kuti wapsa mukatenga njere imodzi n'kuifikisa ndi zala: khungu lisupuke mosavuta, mkati mukhale mofiirira. Ukapserera, chiponde chimawawa ndipo palibe chochikonzera. Khuthulirani m'lichero, uzizire, fikisani ndi zikhatho, petani makungu auluke. Kenako mumtondo, ndi kamchere pang'ono, ndipo tsopano mphamvu zija mukhoza kuzitulutsa. Sinjani mpaka mafuta atuluke, musi uyambe kumata.

Ngati pakhomo pali misi iwiri, sinjani awiri mtondo umodzi, molandizana, wina akamakweza wina akutsitsa. Koyamba misi idzagundana, mtedza udzatayika, nkhuku zidzakondwa, amayi adzakunenani ulesi. Koma mukangogwirizana kamvekedwe, dikirani: ambiri amayamba kung'ung'udza nyimbo osadziwa n'komwe. Nyimbo za pamtondo sizinali zongosangalatsa. Ndi mmene amayi akale ankadandaulira za mwamuna womwa, za mkazi mnzawo, za apongozi ovuta, mudzi wonse ukumva koma popanda wowaimba mlandu. Chigayo chinapha zambiri mwa nyimbozi. Ikatuluka imodzi, musaidule ndi mafunso. Ithe kaye, kenako mupemphe kuti aibwereze.

Madzulo phikani ndi nsinjiro zanuzo. Nyengo imeneyi nkhwani wamuwisi amachokera kudimba, apo ayi amayi amasula chikwatu n'kutapa mfutso wa khwanya kapena chitambe. Vuto mudzalipeza pa miyeso. Mukafunsa kuti nsinjiro zichuluke bwanji, yankho lake ndi lakuti, "Umangoona ndi maso." Musalimbane nawo. Akatapa ndi dzanja, apempheni athire kaye m'mbale, inu muyese ndi sipuni kapena kapu, mulembe m'kope: dzanja limodzi la amayi ndi masipuni akutiakuti. Chitani chimodzimodzi ndi madzi, mchere ndi chidulo. Lembaninso nthawi imene amathira chilichonse, poti chinsinsi chambiri chili pamenepo: kusadzula nkhwani, madzi awire kaye, nsinjiro zikhale pamwamba osavundula mpaka zitapsa ndi nthunzi. Mawa lake muphike nokha iwo akuyang'ana, akudzudzuleni. Bungwe la UNESCO linaika nsima pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2017, koma mmene amayi anu amaomolera mtanda sizinalembedwe paliponse.

Foni ndi mafunso

Pemphani chilolezo musanajambule. Nenani zoona: "Amayi, ndikufuna adzukulu anu adzamve mawu anu." Tchajani foni idzaze, tsekani netiweki kuti mauthenga asamadule nkhani, ndipo muiike pampando kapena pa mtondo wovundikira, pafupi ndi iwo, kumbali kopanda mphepo. Musaigwire m'manja n'kuwalozetsa kukamwa ngati mtolankhani. Ikakhala pansi, pakapita kanthawi amaiiwala. Poyamba nenani nokha tsiku, mwezi, chaka ndi mudzi.

Funso lalikulu limapha nkhani. Mukati, "Tandiuzeni mbiri ya moyo wanu," adzayankha kuti, "Aa, ife tinangokula movutika basi," nkhani yathera pomwepo. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Chitenje chanu choyamba munagula ndi ndalama ya chiyani? Pa phada ndi fulaye ankakuposani ndani? Madzi munkatunga kuti chitsime ichi chisanakumbidwe? Munayamba mwakwera sitima ya pamtunda? Tsiku limene ndinabadwa kunacha bwanji, ndipo dzina langa ananditcha ndani? Chimtali munkavina kuti, nanga ng'oma ankaimba ndani? Funso lililonse lotere limakoka anzake. Ine ndinafunsa za chitenje choyamba, ndipo ndinamva za ganyu wosoka fodya pa esiteti, za mlongo wawo amene anapita ku Chipata osabwerera, ndi za nthawi imene mkazi sankaloledwa kuvala buluku m'dziko muno, lamulo limene linachotsedwa mu 1993. Ankanena akuyang'ana jinzi yanga ili pachingwe.

Amayi ambiri sasunga zaka ndi manambala, amasunga ndi zochitika. Muwathandize ndi zikhomo zimene aliyense amazidziwa. Ufulu unabwera mu 1964. Kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971. Referendamu ya nyali ndi tambala wakuda inachitika mu June 1993, sukulu yaulere ya pulayimale inayamba mu 1994, Kamuzu anamwalira mu 1997, kadamsana wamkulu uja anaoneka mu June 2001, ndipo njala yoopsa inali ya 2002. Akati, "Mng'ono wako anali kumsana pamene tinkavota za nyali," chaka mwachipeza.

Pali zina zimene simuyenera kukakamiza. Pa mwambo wathu mayi sauza mwana wake wom'bereka za chinamwali ndi za m'nyumba. Imeneyo ndi ntchito ya anamkungwi, agogo ndi azakhali. Musawachititse manyazi chifukwa choti m'tauni mumakamba zilizonse. Palinso mabala: ana amene anamwalira ali aang'ono, ukwati woyamba umene simunauzidwe, m'bale amene anadana naye chifukwa cha munda. Akafika pamenepo n'kukhala chete, inunso khalani chete, manja apitirize ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanena kuti, "Tazimitsa chakocho," zimitsanidi, awone kuti mwazimitsa. Ndipo zimene mwajambula zisapite pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja iwo asanavomere. Nkhani za malo, za ufumu ndi za kuganizirana ufiti zikatuluka pakhomo zimasanduka milandu ya pabwalo.

Kope la bele lanu

Usiku wachiwiri, pamoto, tulutsani kope. Achewa timawerengera mtundu kuchikazi, ndipo mzere wa amayi ndi umene timati bele. Yambani tsamba ndi dzina lanu pansi, pamwamba pake amayi, kenako amayi awo, kenako amayi a amayi awo, mpaka pamene kukumbukira kwawo kwathera. Pa dzina lililonse lembani mfunda, kaya ndi Naphiri, Nabanda, Nambewe kapena Nankhoma, mudzi umene anabadwira, mfumu ya dera, ngati anakwatiwa chikamwini kapena chitengwa, ana ake onse motsatana, ndi manda amene anagona. Lembaninso amene ali mwini mbumba lero. Ngati kwanu ndi kwa Angoni, monga madera a Zulu ndi Mlonyeni kumene ambiri amawerengera kuchimuna, lembani mizere yonse iwiri, poti ya amayi ndi imene imayamba kuiwalika.

Musadabwe mzerewo ukaoloka malire. Mabanja ambiri a ku Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, ali ndi abale ku Chipata, ku Chadiza ndi ku Katete, chifukwa malire a Malawi ndi Zambia anadula pakati pa anthu amodzi. Dzina likawasokoneza amayi, siyani mpata, mawa mukafunse agogo ena a m'mudzimo. Lembani ndi bolopeni, osati pensulo.

Tsiku lachitatu, inunso muwapatseko

Zisakhale zongotenga. Pa tsikuli aphunzitseni kanthu kamene akhala akukafuna koma akuchita manyazi kufunsa adzukulu: kutumiza uthenga wa mawu, kuona ndalama zotsala mu foni popanda kupatsa munthu nambala yachinsinsi, kusunga nambala ya telefoni. Lezani mtima monga mmene iwo analezera pamene munkagundanitsa misi.

Kenako tsegulani sutikesi yawo ya zitenje. Sankhani zitenje ziwiri zofanana kapena zogwirizana, mupite nazo limodzi kwa telala wa pamsika, akuyeseni nonse awiri. Yendani wapansi ngati mtunda ukulola, apo ayi kabaza. Muwagulire chimene iwo aloza, osati chimene inu mukuganiza kuti akusowa. Amayi anga analoza mpeni wa kukhitchini ndi botolo la Fanta, ndipo analimwa pang'onopang'ono atakhala pakhonde la golosale, akulonjera aliyense wodutsa kuti aone kuti ali ndi mwana wawo.

Amene muli ndi kangachepe, ulendo wa ku Kulamba ndi wosaiwalika kwa mayi wa Chichewa. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la August ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa mfumu yawo yaikulu, Kalonga Gawa Undi. Kuchokera ku Mchinji si kutali, koma za ziphaso zodutsira pachipata mukafunsiretu ku ofesi ya Immigration nthawi ikadalipo.

Za zithunzi, jambulani manja awo ali m'lichero, mafuwa, mtondo, mtengo wa mango umene munkakwera. Koma muwalolenso chithunzi chimene iwo akufuna, atasamba, atadzola, atamanga duku, ataima chilili osamwetulira. Chimenecho ndi chawo. Pomaliza pezani mwana wa pamudzi akujambuleni nonse awiri pakhomo la khitchini, ndipo chaka chamawa mudzaime pamalo omwewo.

Ngati mwapita ndi mwana wanu wamkazi

Musamusiye pa foni m'nyumba. Mupatseni kalichero ndi mtedza wake woti asankhe, ngakhale theka lithere m'kamwa. Nyengo yokolola ikatha ana a kumudzi amachita masanje, kumanga timisasa ta mapesi ndi kuphika zimene akunkha m'minda. Mulekeni apite. Ndipo akakuitanani kuti mudzadye, pitani ngati mlendo weniweni: odi pakhomo la msasa, khalani pansi, sambani m'manja, idyani kansima kosapsako, thokozani. Usiku agogo ake akati "Padangokhala," inu muyambe kuvomera kuti "Tili tonse," kuti iye aphunzire mayankhidwe. Tsitsi lake alukidwe ndi agogo, atakhala pakati pa miyendo yawo monga munkakhalira inu.

Kusunga zimene mwatola

Apa ndikunena ndi chisoni. Ulendo wanga woyamba ndinajambula nyimbo zisanu za pamtondo ndi nkhani ya maola awiri, ndinati ndidzasamutsa ndikapeza mpata. Patangotha sabata zitatu foni inabedwa m'minibasi. Nditabwerera chaka chinacho, nyimbo ziwiri amayi sanathenso kuzikumbukira. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Choncho mukangofika pamene pali netiweki yabwino, tsiku lomwelo, tumizani mawuwo ku imelo yanu kapena kwa m'bale mmodzi wodalirika, ndipo ena muwaike pa memori khadi kapena pa kompyuta. Chilichonse chikhale malo awiri osiyana. Sinthani maina a mafayilo kuti azisonyeza tsiku ndi nkhani yake. Nyimbo ndi miyambi muzilembenso m'kope mawu ndi mawu, mmene anatchulira iwo, osakonza Chichewa chawo kuti chifanane ndi cha m'buku. Masamba a kopelo muwajambule ndi foni, kope lenilenilo likhale mu jumbo, m'sutikesi, kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Zithunzi zitatu kapena zinayi mukatsukitse ku situdiyo, ziwiriziwiri, kumbuyo mulembe maina, mudzi ndi chaka. Zina zipite kwa amayi, chifukwa chithunzi chimene chili mu foni yanu ku Lilongwe iwo sachiona.

Tsamba lomaliza la kope mulisiyire mafunso amene mudzawakumbukire mutachoka, poti adzabwera ndithu, mwina musanafike n'komwe pa Namitete. Muziwafunsa limodzilimodzi mukamaimba foni Lamulungu madzulo, m'malo mwa "kwacha bwanji, mvula ikugwa?" wa masiku onse.

Chiponde chija muthire m'mabotolo awiri ouma bwino, otsekeka, lina litsale lina munyamule. Mafuta akadzayandama pamwamba si kuti chawonongeka, ingotakasani ndi sipuni youma. Potsanzikana amayi adzatulutsa thumba la mtedza, kachikwatu ka mfutso, mwina ndi nkhuku yomanga miyendo. Musakane, ngakhale mukuona kuti iwowo ndi amene akusowa. Landirani ndi manja awiri mutagwada. Ndipo m'chikwama musiye ndalama yapadera, chifukwa kondakitala akaona thumbalo adzalilipiritsa mpando wake.